Kodi Mpando Uwu Ngwa Yani?

Nkhani yokambidwa pa wailesi, pa nthawi ya Cinyanja

  Ndidziwa kuti pa nthawi ino mwakhala pabwalo kuzungulira wailesi, pakuti m'nyumba simulowedwa ndi kutentha.

Usiku uno ndifuna kukamba nanu za mpando wa m'ndege, ndi za anthu aja amene alowa, naona nambala ya mnzao, nakhalapo dala. Ena a inu mwayamba kale kuseka, ndi kunena kuti munthu uyu nkhani zamthera. Ena mulikuti, ife ndege tiiona m'mwamba cabe, zitikhudza bwanji? Pirirani pang'ono. Masiku ano ana anu a ku migodi akwera ndege kucokera ku Solwezi ndi ku Ndola monga makolo ao anakwerera sitima, ndipo tsiku lina adzakutumizirani tikiti inunso, monga anatumizira malume anga.

Ndiyambe ndi kwathu. Amene anafika ku Feira, kumene masiku ano kuchedwa Luangwa Boma, adziwa doko lathu. Tsidya la Luangwa kuli Zumbo, m'dziko la Mozambique. Tsidya la Zambezi kuli Kanyemba, m'dziko la Zimbabwe. Dzina lomwelo la Feira ndi mau a Cipwitikizi otanthauza msika, ndipo kufikira lero anthu aoloka ndi nsomba zouma, ufa, sopo ndi njinga. Tsono taonani cimene cicitika polowa m'bwato. Mwini bwato aima kumbuyo ndi nkhafi yace, nayang'ana aliyense kuyambira kumutu kufikira kumapazi, monga munthu wofuna kugula mbuzi. Kwa wonenepa ati, "Inu khalani pakati." Kwa mnyamata wopepuka ati, "Iwe pita kutsogolo." Thumba la ufa aliika pamene afuna iye mwini. Ndipo sindinamvepo ndi kamodzi komwe munthu alikuyankha kuti, "Ine ndine mphunzitsi wamkuru, ndikhala pamene ndakonda." Ingakhale nduna ya mfumu ikhala pamene yauzidwa, nisunga manja ace m'kati. Cifukwa cace tonse ticidziwa: pansi pa bwatolo pali ng'ona, ndipo ng'ona sifunsa kuti wagwayo anaphunzira kufikira pati.

Malume anga anagwira nchito mu mgodi wa Kabwe zaka 20, kufikira pamene mgodiwo unatsekedwa m'caka ca 1994. Pamenepo anabwerera kumudzi, nakhala msodzi ndi mlimi wa m'dimba. Mwana wao, msuweni wanga, ali pa nchito ku Mufulira. M'mwezi wa June, caka ca 2023, kunabadwa mdzukulu, ndipo msuweni wanga anati atate ace adze kudzamuona. Koma asadze pa basi, adze pa ndege, kamodzi kokha m'moyo wao. Pogula tikitiyo anawasankhiratu mpando wa pa zenera, naitana ine pa lamya kundipempha kuti ndiwaperekeze.

Nkhalambayo inanyamuka ku Feira tambala asanalire. Inu odziwa njira ija mudziwa kuti kucokera pa Boma kufika pa ulalo wa Luangwa pali makilomita ngati 90, ndipo kucokera pa ulalo kufika ku Lusaka ena ngati 230, kupyola mapiri ndi makona oopsya. Anafika kwanga atatuwa ndi pfumbi, atanyamula nsomba zouma ndi masau a mpongozi wao. Usiku umene uja sanagone. Jekete lao analisita kawiri. Ndipo anati kwa ine, "Mphwanga, Kabwe ndinamuona kunsi kwa nthaka zaka 20. Mawa ndifuna kumuona monga amuonera nkhwazi."

M'mawa mwace tinalowa m'ndege pa bwalo la Kenneth Kaunda. Inali ndege ya mipando iwiri mbali iyi ndi iwiri mbali iyo. Titafika pa mzere wa malume, tinapeza pa zenera patakhala bwana wina wa suti yabwino, lamya ziwiri ziri m'manja. Ine ndinawerama ndi kunena mwaulemu, "Pepani bwana, kapena mwasokoneza. Mpando uwu ngwa atate awa." Iye sanayang'ane ndi citupa comwe cimene ndinamuonetsa. Anangoloza mpando wa m'mbali mwa njira, umene unali wace weniweni, nati, "Mipando yonse ifika ku Ndola pa nthawi imodzi. Akhale apa." Mtima wanga unatentha, ndipo ndinafuna kuitana mtsikana wotumikira m'ndege. Koma malume ananditsina pa mkono nanong'ona, "Leka, mphwanga. Usandicititse manyazi pamaso pa anthu. Kwa eni ace sakangana." Anakhala pamene analozedwapo, cipewa ciri pa maondo. Mpando wanga unali kumbuyo, nawonso wa m'mbali mwa njira, kotero kuti ndinalibe zenera lakuwapatsa. Ndege itakwera m'mwamba, bwana uja anatsitsa cotsekera zenera, natsamira, nagona tulo kufikira ku Ndola.

Pa bwalo la Simon Mwansa Kapwepwe msuweni wanga anathamangira atate ace, nagwada, nafunsa, "Atate, mwamuona Kabwe?" Malume anayankha, "Kunali mitambo, mwanawe." Inu nonse mudziwa thambo la mwezi wa June, kuti likhala lopanda ndi kamtambo komwe. Nkhalamba ya zaka 70 inanama kuti mwana wace asamve kuti cimene anakonzera atate ace cinadyedwa ndi wina. Bodza limenelo lindiwawa kufikira lero, ndipo wolakwa waciwiri pa mlanduwo ndine, amene ndinakhala cete.

Akuru anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Bwana uja anadziwa mwambi umenewu bwino lomwe. Anadziwa kuti munthu wakumudzi, wobvala jekete lakale, adzaopa phokoso koposa kuopa kutaya cace. Anakhala pa ulemu wa malume monga khoswe pa mkhate. Ndamva ena alikunena kuti ife anthu akuda sitinazolowere mipando ya manambala, ndi kuti mwambo wathu ndiwo wakuti munthu akhale pali ponse. Ine ndikana. Pitani ku bwalo la milandu kwa mfumu, muone ngati mnyamata angakhale pa mpando wa nduna. Pitani ku maliro, muone ngati amuna ndi akazi asokonezana. Mkamwini adziwa pamene sayenera kukhala apongozi ace ali pafupi. Kwathu malo okhala ali ndi malamulo ambiri koposa a m'ndege, kungoti salembedwa pa pepala. Ndipo taonani cinthu ici: mkuru akafika pa khomo, sakankha mwana pa mpando. Aima kaye, kufikira mwanayo anyamuka yekha, kapena amai ace amuuza, ndipo mkuruyo aomba m'manja nakhala. Mpando wa ulemu ucita kupatsidwa. Bwana uja anali wamng'ono kwa malume ndi zaka zosacepera 20. Pa mwambo wa kwathu iye ndiye anayenera kunyamuka, ngakhale mpandowo ukadakhala wace.

Komatu si onse okhala pa mpando wa mwini amene acita dala. Ambiri atengera m'ndege makhalidwe a pa basi. Pa basi yaing'ono ya kwathu mpando ngwa iye amene wafika msanga. Mai aikapo citenje, mnyamata aikapo botolo, napita kukagula zitumbuwa, ndipo tonse tilemekeza citenjeco. Agogo athu amene anapita ku Walale pa malole a Ulere, amene Boma la Southern Rhodesia linkatengera anthu a nchito kwaulere, analibe mipando yakulimbirana. Munthu anakhala pa mtolo wace. Ndikumbutsenso inu a ku migodi kuti anthu akuda oyamba kukwera ndege ambirimbiri m'dera lathu lino anali anzanu a nchito yomweyi, pamene Wenela anayamba m'caka ca 1952 kuwanyamula pa ndege kucokera ku Nyasaland ndi ku Barotseland kupita ku Francistown.

Cifukwa cace, kwa inu amene mudzakwera koyamba, ndinene za kacitupa kamene mupatsidwa polowa. Pali manambala angapo, ndipo ndi amene asokoneza anthu. Ina ndi nambala ya ulendo, ina ndi ya cipata cimene mudzaturukire, ina ndi nthawi. Ya mpando ndiyo iri ndi cilembo pambuyo pace, monga 9A kapena 14C. Nambala inena mzere, kuwerenga kucokera kutsogolo. Cilembo cinena mpando pa mzerewo, ndipo A akhala pa zenera la kudzanja lamanzere mukayang'ana kumene ndege ilikupita. Manambalawo alembedwa pamwamba, pansi pa mabokosi oikamo katundu, ndipo pogona bvuto mpakuti nthawi zina nambala ioneka ngati iri pakati pa mizere iwiri. Makampani ena alumpha mzere wa 13 cifukwa ca zikhulupiriro za Azungu, pakuti naonso ali nazo zao. Mukakaika, onetsani citupa canu kwa wotumikira amene aima pa khomo; nchito yace ndi yomweyo. Safunsa anadya phula.

Tsono tibwerere ku mau a bwana uja, akuti mipando yonse ifika pa nthawi imodzi. Mau amenewa amveka anzeru, koma mwini bwato wa pa doko lathu angawaseke. Ndege iri ngati mtengo wopingasa umene mnyamata anyamulira zidebe ziwiri za madzi pa phewa: kulemera kukacuruka mbali imodzi, mtengowo upendama. Ndege isananyamuke, alembi a pa bwalo awerenga kuti kutsogolo kuli anthu angati, pakati angati, kumbuyo angati, ndi katundu ali m'zipinda ziti, napereka pepala kwa woyendetsa. Iye akonza zipsepse za ku mcira monga mwa pepalalo. Akhulupirira kuti anthu akhala pamene pepala linena.

Pa 16 January 2020, pa bwalo la Luton ku England, kunacitika cinthu cakuonetsa ici poyera. Ndege imene inayenera kupita ku Prague inasinthidwa, nabweretsa ina yaitali kuposa yoyamba. Koma anthu 157 anakhazikidwa monga mwa manambala a ndege yaifupi ija, kotero kuti mizere ya kumbuyo inatsala yopanda munthu, ndipo woyendetsa sanadziwe. Pothamanga kuti anyamuke, anakoka ndodo yace monga mwa masiku onse, koma mphuno ya ndege inakana kudzuka. Anakoka kufikira pafupi ndi pomalizira, naonjeza mphamvu zonse za makina, ndipo pamenepo ndegeyo inauluka. Anafika bwino, palibe anapwetekedwa. Apa olakwa sanali apaulendo, koma phunziro lace nlomwelo: pamene pakhala matupi a anthu mpamene paweruza ngati mphuno idzuka kapena iai.

Ina ndi ya cisoni. Pa 25 August 2010 kandege kakang'ono ka anthu 21 kanagwa potera ku Bandundu, m'dziko la Congo, ndipo anapulumuka mmodzi yekha. Wopulumukayo anasimba kuti ng'ona yaing'ono imene wina anaibisa m'cikwama inaturuka, ndipo anthu onse anathamangira kutsogolo ndi mantha, ndege nigwa camutu. Bwalo limene linafufuza za imfa ya woyendetsa wina ku England m'caka ca 2014 silinatsimikize za ng'onayo. Koma anthu 18 akathamangira mbali imodzi m'kandege kotere, kangagwe ndithu. Pamene ndege icepa, mpamenenso munthu mmodzi alemera. Tindege timene titengera alendo odzaona nyama ku Jeki ndi ku Royal, m'nkhalango ya Lower Zambezi kumtunda kwa Feira, tiri ngati bwato lenileni: katundu ayesedwa pa sikelo, ndipo woyendetsa angathe kukuuzani ndi pakamwa pace kuti, "Inu pitani kutsogolo." Mzungu wacuma amene waoloka nyanja kudzaona njobvu amvera osayankha.

Pali zifukwa zinanso zimene ndingozichula mofulumira. Pa mzere wa khomo lothawirapo pa ngozi sakhazikapo mwana, kapena wodwala, kapena mai wa khanda, pakuti wokhala pamenepo ayenera kukhala ndi mphamvu yakutsegula khomolo. M'ndege zazikuru, zopumira mpweya zimene zigwa kucokera pamwamba ziri zowerengeka pa mzere uli wonse, ndipo mai wa khanda aikidwa pamene pali capadera ca mwanayo. Cakudya ca munthu wa matenda a shuga, kapena ca Msilamu, cipita ku nambala ya mpando. Ndipo mukumbukira nthawi ya Covid, m'caka ca 2020, pamene apaulendo analemba nambala ya mpando wao pa pepala la acipatala, kuti wina akapezeka ndi matendawo, afunefune amene anakhala mizere iwiri kutsogolo ndi kumbuyo kwace. Wosintha mpando mwakabisira anacititsa kuti afunefune munthu wina, iye nanka nao matenda kwa ana ace. Pamwamba pa zonsezi, makampani ambiri masiku ano alipiritsa ndalama yapadera posankha mpando. Wolanda mpando wotere walanda cinthu cogulidwa.

Nanga kupempha? Kupempha si kuba, ndipo ine sindirikunena kuti mitima yathu iume ngati mwala cifukwa ca kapepala. Koma pa nkhani iyi pali mlandu wina umene unagawa anthu pa dziko lonse. M'mwezi wa December 2024, m'dziko la Brazil, mtsikana wina wogwira nchito ku banki analowa m'ndege yocokera ku Rio de Janeiro kupita ku Belo Horizonte, napeza mwana wamng'ono atakhala pa mpando wace wa pa zenera. Mwanayo anacotsedwa, nayamba kulira, ndipo mtsikanayo sanalole kusinthana naye. Munthu wina wa m'ndegemo anamjambula ndi lamya, alikumdzudzula kuti alibe cifundo, ndipo cithunzico cinafalikira pa intaneti. Wojambulayo anayesa kuti dziko lidzamnyoza mtsikanayo, koma anthu ocuruka anaima kumbali yace. Ndipo pambuyo pace iye anasumira kampani ya ndegeyo pamodzi ndi wojambula uja.

Mukandifunsa ine, ndiyesa kuti mwanayo ndikadampatsa zenera, pakuti ndinaleredwa ndi mau akuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mkazi wanga ati iai, mwana wolira napatsidwa adzalira moyo wace wonse, ndipo tinatsutsana kufikira nsima inazizira. Koma pa cinthu cimodzi tinabvomerezana: mphatso imene munthu aipereka cifukwa amcititsa manyazi pa gulu yasanduka msonkho. Wopempha ayambe wakhala pa mpando wace, ndipo mwini malo atafika ampemphe ndi mau abwino. Asapemphe zenera la kutsogolo napereka mpando wa pakati wa kufupi ndi cimbudzi. Wosinthanitsa nkhuku sabwera ndi dzira. Akakanidwa, athokoze, nakhale cete. Ndipo inu makolo oyenda ndi ana, nenani pa tebulo paja polandira zitupa kuti akuikeni pamodzi, pamene mipando ikali m'manja mwa alembi.

Pali cifukwa cina cimene ine ndilemekezera kanambala kameneka, ndipo akuru amene mulikumvera mudzandimvetsa msanga koposa anyamata. Panali nthawi imene mpando wa munthu unalembedwa pa khungu lace. M'mwezi wa June 1893, loya wacinyamata wa Cimwenye dzina lace Gandhi anali ndi tikiti ya kalasi yoyamba pa sitima ya ku South Africa. Mzungu wina anadandaula, ndipo anamturutsa usiku wozizira pa siteshoni ya Pietermaritzburg. Pa 1 December 1955, ku Montgomery m'dziko la America, mai Rosa Parks, wosoka zobvala, anauzidwa kuti anyamuke pa basi kuti pakhale Mzungu. Anakana, namangidwa, ndipo anthu akuda a mumzindawo analeka kukwera mabasi masiku 381. Kuno kwathu makolo anu anapita ku migodi pa mabenci a matabwa a kalasi ya 4, nagula nyama pa kazenera ka kumbali kwa sitolo. Ndipo kunali m'caka ca 1960 pamene lamulo linatsegula nyumba za tiyi ndi za kanema za Northern Rhodesia kwa anthu a mitundu yonse. Nambala ya pa citupa siona khungu, siona mimba, siona suti. Inena kuti 9D ngwa msodzi wa ku Feira ngati msodziyo ndiye analembedwapo. Ndico cifukwa cace cinandiwawa kuona munthu wakuda mnzathu, wobadwa pambuyo pa ufulu wa 1964, alikuloza nkhalamba pokhala ndi cala, osayang'ana ndi nkhope yace yomwe.

Ndisabise kuti nthawi zina wolanda mpando ndi kampani yeniyeniyo. Pa 9 April 2017, ku Chicago, dokotala wa zaka 69 dzina lace David Dao anali atakhala kale pa mpando umene analipira, pa ulendo wa United wopita ku Louisville. Kampaniyo inafuna malo a anchito ace 4, ndipo iye atakana kuturuka, alonda a pa bwalo anamkoka pansi m'kanjira ka pakati. Anathyoka mphuno, naguluka mano 2. Anthu a maiko onse anaona cithunzi cace, ndipo mwezi womwewo kampaniyo inagwirizana naye kunja kwa bwalo la milandu, nilonjeza kuti munthu wokhala kale pa mpando sadzacotsedwanso cifukwa ca kucepa kwa malo.

Tsono mukadzapeza munthu pa mpando wanu, mudzacite ciani? Musamgwire, musamtukwane, ndipo musakhale pa mpando wa wacitatu, pakuti potero mlandu wa anthu awiri usanduka wa mzere wonse. Muonetseni citupa canu kamodzi. Kawirikawiri adzayang'ana cace, naseka, napepesa. Akaumirira, imani pomwepo ndi kuitana wotumikira. Atsikana ndi anyamata amenewa sali operekera tiyi cabe. Alankhula m'malo mwa woyendetsa, ndipo pangano limene maiko anapangana ku Tokyo m'caka ca 1963 lipatsa woyendetsa ndege mphamvu yakuletsa, ngakhale yakutsitsa, munthu wosokoneza mtendere wa m'ndege. Kuitana wotumikira sikuli kukangana kwa eni ace, monga anaopera malume. Kuli ngati kupita ndi nkhani kwa nyakwawa. Ici ndico cimene ine ndinayenera kucita tsiku lija, ngakhale ananditsina.

Tinakhala ku Mufulira sabata imodzi. Pobwerera ndinafika msanga pa bwalo, ndi kupempha zenera pa tebulo paja, ndipo polowa m'ndege ndinanong'oneza mtsikana wa pa khomo zimene zinacitika ulendo woyamba. Iye anatenga citupa ca malume ndi manja awiri nati, "Tiyeni ambuye, ndikuperekezeni." Anawakhazika yekha, nawamanga lamba, nakweza cotsekera zenera kufikira pamwamba. Koma ndegeyo inacedwa kunyamuka, ndipo pamene tinauluka dzuwa linali litalowa kale. Pansi panali mdima, ndi mizere yofiira ya moto wa lupsya apa ndi apo. Malume anagunditsa mphumi pa galasi, naphimba ndi manja m'mbali mwa maso monga mwana wosuzumira m'citsime. Patapita kanthawi panaoneka kagulu ka magetsi, ndipo anandigwira bondo nati, "Uyo Kabwe! Taona, mphwanga, komboni yathu inali ca uko." Ine ndiyesa kuti anali Kapiri Mposhi, pakuti tinali tisanapite patali, koma sindinawatsutse. Sanacotse mphumi pa galasipo kufikira matayala anagunda pansi ku Lusaka, ndipo tiyi amene anawapatsa anazizira osamwedwa.

Ndamva kuti ku Feira, pansi pa mtengo wa msau pamene asodzi asokera maukonde ao, nkhani ya Kabwe wa usiku yasimbidwa kambirimbiri, ndipo magetsi aja acuruka caka ndi caka. Za bwana wa lamya ziwiri sanauze munthu ali yense, ndipo msuweni wanga alikuzimva koyamba usiku uno, ngati wailesi yace iri yotsegula. A Malume, ngati inunso mulikumvera, mundikhululukire poulula.